Moto wa M'kati mwa Injini: Kabuku ka Mabanja Okhala ndi Galimoto, Chigayo Kapena Jenereta

Masiku ano ndi mabanja owerengeka okha amene moyo wawo sukhudzana ndi injini, pakuti ngakhale khomo lopanda galimoto limadya ufa wogayidwa pa chigayo cha dizilo, limatumiza wodwala wake kuchipatala pa njinga yamoto, ndipo mwina lili ndi mwana amene amapezera chakudya pa minibasi. Komabe chinthu chimene chatizinga chotere ambiri a ife timachidziwa ndi khutu lokha: chikalira bwino tikondwera, chikayamba kudukiza tithamangira kwa amakaniko, ndipo chilichonse chimene iwo anena tivomera ndi kulipira, osadziwa ngati chimene talipiracho ndicho chinali chofunika. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kabuku kano sikanalembedwe kuti kasandutse munthu makaniko, koma kuti mwini chuma adziwe zimene zimachitika pansi pa boneti, athe kufunsa mafunso oyenera, ndi kupewa kuonongeka kumene kumadza chifukwa cha kusadziwa kokha.

Munthu akafunsidwa chimene chimayendetsa galimoto, sazengereza kuyankha kuti ndi mafuta, popeza mafutawo ndiwo amamutha ndalama, ndiwo amamugoneka pamzere akasowa m'dziko, ndiwonso amawayang'anira ndi diso lakuthwa pa kasingano ka kuseri kwa chiwongolero. Yankho limenelo si labodza, koma ndi loperewera, pakuti mafuta paokha sayaka. Ndipo ine nditsimikiza kuti amene wamvetsa kuti mphamvu ya injini imalekezera pamene palekezera mpweya wolowamo, wamvetsa zambiri za zimene zalembedwa m'munsimu, kuyambira pa chifukwa chimene galimoto imafookera m'mapiri kufikira pa chimene chinachititsa anthu anzeru kupanga tabo.

Moto wotsekeredwa m'chitsulo

Pakati pa injini pali chitsulo chachikulu cholemera chimene amakaniko amachitcha buloko, ndipo m'chitsulomo munabooledwa mauna osalala ndi oongoka otchedwa masilinda, amene pa galimoto zambiri za m'misewu yathu amakhala anayi, pamene njinga yamoto ya kabaza ndi injini ya chigayo chaching'ono zimakhala ndi silinda imodzi yokha. M'silinda iliyonse mumayenda pisitoni, yokwera ndi kutsika, yovekedwa timikombero tachitsulo totchedwa maring'i, timene timatseka mpata wa pakati pa pisitoniyo ndi khoma la silinda, kuti mpweya usathawire pansi ndiponso oyilo asakwere pamwamba. Kunsi kwake pisitoni inalumikizidwa ndi mkono wachitsulo ku mtanda wokhotakhota wotchedwa kirankishafuti, umene umasandutsa kukwera ndi kutsika kuja kukhala kuzungulira. Ndipo kuzungulira kumeneko ndiko kumadutsa m'magiya kukafika ku matayala, kapena m'lamba kukafika ku nyundo za chigayo. Pamwamba pa masilinda pamakhala chivundikiro cholimba chotchedwa hedi, m'mene muli mavalavu, ndiwo makomo a silinda, ena olowetsa mpweya, ena otulutsa utsi.

Pa injini zambiri ntchito yonse ndi maulendo anayi a pisitoni obwerezedwa kosalekeza. Pa ulendo woyamba khomo lolowetsa litseguka, pisitoni nitsika, nikoka mpweya wosakanizika ndi nkhungu ya petulo kudzaza silinda. Pa ulendo wachiwiri makomo onse atsekeka, pisitoni nikwera, nipanikiza mpweya wonse uja m'kampata kakang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a malo amene unali. Pisitoniyo itayandikira pamwamba penipeni, pulagi itulutsa mbaliwali ya magetsi, chosakanizacho nichiyaka mofulumira, ndipo mpweya umene watentha kwambiri, posowa kolowera, ukankha pisitoni pansi ndi mphamvu yaikulu. Umenewu ndi ulendo wachitatu, ndipo mwa anayi onse ndi wokhawu umene umabala mphamvu. Wachinayi ndi wosesa: khomo lotulutsa litseguka, pisitoni nikwera, nikankhira utsi kunja kudzera mu ekizozi.

Dongosolo limeneli analikhazikitsa ndi Nikolaus Otto wa ku Germany, amene injini yake inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1876 ku Deutz, pafupi ndi mzinda wa Cologne. Ndipo patapita zaka 10, mu 1886, Karl Benz wa ku Mannheim analembetsa ku boma galimoto yake ya matayala atatu yoyendera petulo. Zambiri zasintha chiyambire masiku amenewo, koma maulendo anayi aja akali momwemo, kungoti tsopano amachitika pa liwiro lovuta kuliganizira. Kasingano kosonyeza kuzungulira kwa injini kakaloza pa 3, ndiye kuti kirankishafuti ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi; ndipo popeza silinda iliyonse imayaka kamodzi pa kuzungulira kuwiri, moto ukuyaka m'menemo ka 25 pa sekondi, kotero kuti m'injini ya masilinda anayi ukuyaka ka 100 pa sekondi iliyonse.

Popeza maulendo atatu amadya mphamvu ndipo umodzi wokha ndiwo umabala, injini siingathe kudziyambitsa yokha. Iyenera kuzungulitsidwa kaye ndi sitata yoyendera batire, kapena ndi dzanja la mnyamata wopukusa chigayo, kapena ndi anthu okankha galimoto ili m'giya, kufikira moto woyamba utayaka. Pamenepo gudumu lolemera lotchedwa fulayiwilo limasunga liwiro la ulendo wobala, nilinyamula pisitoni pa maulendo atatu otsalawo.

Za mpweya, umene anthu amauiwala

Moto uliwonse umafuna okosijeni, ndipo mu mpweya umene timapuma okosijeniyo ndi magawo 21 okha mwa magawo 100. Chifukwa cha ichi, kuti petulo wolemera kilogalamu imodzi apse yense osasiya kanthu, pamafunika mpweya wolemera makilogalamu 14.7, ndipo tikawerengera m'malita, popeza mpweya ndi wopepuka, tipeza kuti lita imodzi ya petulo imafuna malita pafupifupi 9,000 a mpweya. Taonani tsono: mwini galimoto amalipira lita imodzi ija nadandaula, osaganizako za malita zikwi zisanu ndi zinayi amene amawalandira kwaulere, amene popanda iwo lita yakeyo ikadangotuluka ku ekizozi yosapsa.

Muyeso umenewu ukasokonekera, injini imadziwitsa mwini wake. Mafuta akachuluka kuposa mpweya, ena amatuluka osapsa, mapulagi amada, utsi umada, ndipo thanki imatha msanga. Mafuta akachepa, injini ya petulo imadukiza, imatentha mopitirira, ndipo mavalavu angathe kupsa. Pa galimoto zakale, ndiponso pa njinga zamoto ndi majenereta ambiri a lero, ntchito yosakaniza imachitika mu kabureta. Pa galimoto zatsopano imachitika ndi mainjekita amene amapopera mafuta motsogozedwa ndi kompyuta, imene imayeza mpweya wolowa ndi utsi wotuluka nthawi ndi nthawi. Nyale ya chithunzi cha injini ikayaka kutsogolo kwa woyendetsa, kawirikawiri ndi kompyutayo imene ikunena kuti china mwa zoyezera zake chaona cholakwika, ndipo kuchotsa babu kapena kumata pepala pa nyaleyo sikuchiritsa kanthu.

Mpweya wonse uja umadutsa pa sefa imodzi ya pepala lopindapinda, ndipo pano ndipo ndifuna kuti wowerenga aime pang'ono, pakuti palibe chipangizo china chotsika mtengo chotere chimene chimasunga chuma chachikulu chotere. M'miyezi ya chilimwe, kuyambira Ogasiti kufikira mvula itagwa, galimoto yoyenda m'misewu yafumbi imameza fumbi tsiku lililonse. Tsegulani bokosi la sefa, limene kawirikawiri limatsekedwa ndi tizitsulo tokowera, itulutseni, muiyang'anitse ku dzuwa: kuwala kukapyola m'mapindo ake, ikali ndi moyo, kukapanda kupyola, yatsekeka, ndipo injini ikubanika. Kenaka pisani chala m'paipi imene imachoka pa bokosilo kupita ku injini. Chala chikatuluka choyera, zili bwino. Chikatuluka ndi fumbi lofiira, ndiye kuti sefa inang'ambika, kapena chivundikiro sichikutseka, ndipo dothi lakhala likulowa m'masilinda. Fumbi limenelo ndi timiyala ting'onoting'ono, ndipo likasakanizika ndi oyilo limapala khoma la silinda ndi maring'i pa ulendo uliwonse wa pisitoni, mwakachetechete, kufikira tsiku limene amakaniko adzanena kuti injini iyenera kutsitsidwa. Ena, poona kuti galimoto yafooka, amaboola sefa ndi msomali kapena kuichotseratu, nakondwera kuti mphamvu yabwerera. Yabwereradi, koma ya miyezi yowerengeka, ndipo mtengo wa sefa yatsopano suyandikira n'komwe mtengo wa maring'i, mapisitoni ndi malipiro a wokonza.

Petulo ndi dizilo

Amene anapopapo tayala la njinga adziwa kuti kunsi kwa pampu kumatentha, ndipo kutenthako kumachokera makamaka ku mpweya wopanikizidwa. Pa choonadi chimenechi Rudolf Diesel anamangapo injini ya mtundu wina, imene inagwira ntchito mokhutiritsa m'chaka cha 1897 mumzinda wa Augsburg ku Germany komweko. Injini ya dizilo imakoka mpweya wokhawokha, wopanda mafuta, niupanikiza kwambiri kuposa ya petulo, kufikira gawo limodzi mwa magawo 16 kapena 20, kotero kuti mpweyawo umatentha kupitirira madigiri 500. Pamenepo injekita ipopera dizilo m'kati mwa mpweya wotenthawo, dizilo nayaka yekha popanda pulagi ya mbaliwali. N'chifukwa chake injini ya dizilo ndi yolemera, popeza zitsulo zake ziyenera kupirira kupanikiza kotere; n'chifukwa chakenso imayenda mtunda wautali pa lita imodzi, nikoka katundu wolemera ikuzungulira pang'onopang'ono, chimene chinaipangitsa kukhala injini ya malole, mathirakitala ndi zigayo. M'mawa wa Juni kapena Julaye, pamene zitsulo zazizira usiku wonse ndipo zikumeza kutentha kwa mpweya, dizilo amavuta kuyaka. Ndipo ndiyo ntchito ya mahita, timapulagi totenthetsa, timene woyendetsa ayenera kutidikira kufikira nyale yake itazima asanalize injini.

Mafuta awiriwa ali ndi makhalidwe otsutsana. Dizilo wabwino ndi amene amayaka msanga akakhudza mpweya wotentha. Petulo wabwino ndi amene amapirira, osayaka yekha, kufikira moto wa pulagi utamufika. Kupirira kumeneku ndiko kumayezedwa ndi nambala ya octane. Petulo wosapirira amaphulika yekha m'mbali mwa silinda nthawi yake isanakwane, ndipo woyendetsa amamva kulira kwa ngwengwengwe pokwera chitunda, kumene kukapitirira kumaphwanya maring'i ndi kuboola pisitoni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 makampani ankathira mankhwala a mtovu m'petulo kuti apirire, kufikira zinadziwika poyera kuti mtovuwo, potuluka ndi utsi, unali kuononga ubongo wa ana; maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anauleka pofika 2006, ndipo dziko lotsiriza pa dziko lonse lapansi, Algeria, linauleka mu 2021.

Ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol chiyambire 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota inayamba kumutcheza kuchokera ku molasesi, zotsalira zakuda za nzimbe shuga akachotsedwa; ndipo pambuyo pake inatsegulidwanso ina m'boma la Chikwawa. Ethanol amathandiza petulo kupirira, ndipo amachepetsa mafuta oitanitsa kunja kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Koma ali ndi khalidwe lokoka chinyezi, ndipo chifukwa cha ichi petulo wosiyidwa miyezi yambiri m'thanki ya jenereta kapena ya njinga yamoto amaonongeka, nasiya utomoni ndi dzimbiri mu kabureta. Amene akusunga jenereta nthawi yaitali atseke kampopi ka mafuta injini ikulira, aileke izime yokha, kuti kabureta itsale youma.

Za mafuta a m'zigubu ndinena mosabisa. Pa nthawi ya kusowa munthu amagula pamene wapeza, ndipo sindimuweruza; koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mafuta otere amatha kukhala osakanizidwa ndi parafini, kapena okhala ndi madzi ndi zinyalala za m'chigubu. Parafini m'petulo amachotsa kupirira kuja. Parafini m'dizilo amachotsa kuterera kumene pampu ya dizilo ndi mainjekita zimadalira, pakuti zipangizo zimenezi sizitetezedwa ndi china koma dizilo yemweyo. Ngati palibe kuchitira mwina, thirani pang'ono m'botolo loyera lagalasi, mulileke likhazikike: madzi, pokhala olemera, amatsikira pansi naoneka poyera, ndipo zinyalala zimatero momwemo. Ndipo ngati mwangozi petulo wathiridwa m'galimoto ya dizilo, kapena dizilo m'ya petulo, musalize injini ngakhale kamodzi. Ikankhidwe pambali, thanki ikhuthulidwe, pakuti mafuta olakwika akali m'thanki vuto ndi laling'ono, koma akafika ku pampu limakula. Dziwaninso kuti pa injini zatsopano za dizilo mafuta amapita ku mainjekita atapanikizidwa kuposa mpweya wa m'tayala kokwana mazanamazana, ndipo kamtsinje kotuluka pa paipi yong'aluka kangathe kupyoza khungu. Musafufuze podontha ndi chala injini ikulira.

Kutentha, madzi ndi oyilo

Mwa mphamvu yonse imene ili mu lita ya petulo, pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu ndilo limasanduka ntchito; gawo lina limatuluka ndi utsi, ndipo lotsalalo limalowa m'zitsulo monga kutentha, kumene kukadapanda kuchotsedwa kukadasungunula mapisitoni. Madzi ozungulira m'buloko ndi m'hedi ndiwo amakunyamula kupita nako ku redieta, kumene mphepo imakuchotsa. Injini imagwira bwino ntchito madzi ake akakhala pafupi ndi madigiri 90, ndipo kachipangizo kotchedwa thermostat ndiko kamasunga muyeso umenewu. Pali chizolowezi chochotsa kachipangizoka ponena kuti dziko lathu ndi lotentha, ndipo ine ndichitsutsa, chifukwa injini yoyenda yozizira imamwa mafuta ambiri nitha msanga, ndiponso chimene chinali kuiwiritsa, kaya ndi redieta yotsekeka, fani yakufa kapena paipi yodontha, chimatsala chosakonzedwa. Madzi a pa mjigo kapena a mumtsinje amasiya miyala ndi dzimbiri m'timipata ta redieta. Thirani madzi a mankhwala opangidwira ntchitoyi. Ndipo injini ikawira, musatsegule chivundikiro cha redieta kufikira itazizira, pakuti madzi a m'katimo ndi opanikizidwa, otentha kuposa madzi owira pamoto, ndipo amatumphukira kumaso.

Oyilo amakhala pakati pa chitsulo ndi chitsulo kuti zisakhudzane. Muyezeni galimoto itaima pamalo athyathyathya, injini itazima kwa kanthawi. Akhale pakati pa zizindikiro ziwiri za kandodo koyezera. Akaoneka wotuwa ngati tiyi wamkaka, madzi alowamo, ndipo kawirikawiri ndi gasiketi ya hedi imene yapsa. Nyale yofiira ya oyilo ikayaka muli paulendo, imani pomwepo ndi kuzimitsa, ngakhale kwanu kukuonekera patsidya, pakuti mphindi zochepa zoyenda popanda oyilo ndizo zimabala mawu oopsa aja akuti injini yanoka.

Mapiri, ndi chiyambi cha tabo

Woyendetsa amene anachokapo kuchigwa cha Shire kukwera ku Blantyre, kapena kuchoka kunyanja kukwera mapiri a Chiweta, adziwa kuti galimoto imene inali yamphamvu kunsi imafika pamwamba ili wefuwefu. Ndipo chitunda sindicho chifukwa chokha. Munthu akamakwera, mpweya umapepuka, ndipo silinda, ngakhale idzaze mofanana, imalandira okosijeni wochepa. Injini yopanda tabo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa 100 la mphamvu yake pa mamita 100 aliwonse okwera, kotero kuti galimoto yochokera ku Nsanje, kumene kuli pansi pa mamita 100 kuchokera pa nyanja yamchere, ikafika ku Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600, yataya magawo ngati 15 mwa 100. Kuponda kwambiri sikubweza mphamvu imeneyi, pakuti mafuta oonjezera alibe mpweya wopsera nawo.

Osula makasu a makolo athu anadziwa kale mankhwala a vuto limeneli: makala a pa chipala akafuna kuti afewetse chitsulo, sankaonjezera makala okha, koma ankavukuta ndi mvukuto, kukankhira mpweya pamoto mokakamiza. Tabo ndiyo mvukuto wa injini. Alfred Büchi wa ku Switzerland, amene analembetsa nzeru imeneyi mu 1905, anaona kuti utsi wotuluka m'injini ukali ndi mphamvu yambiri imene imangotayika, naganiza zoika kagudumu ka mapiko panjira ya utsiwo kuti uzikazungulitsa. Kagudumu kameneka kanalumikizidwa pa mtanda umodzi ndi kanzake ka mbali ya mpweya wolowa, kamene kamakoka mpweya kuchokera ku sefa, nikaupanikiza, nikaukankhira m'masilinda. Mpweya ukachuluka m'silinda, mafuta ambiri angathe kupsa bwino, ndipo injini yaing'ono imabala mphamvu ya injini yaikulu. Pali chipangizo chinanso chotchedwa supercharger, chimene chimagwira ntchito yomweyo koma chozungulitsidwa ndi lamba wochokera ku kirankishafuti. Chimayankha msanga, koma chimadya gawo la mphamvu ya injini, pamene tabo imadya utsi wotayika, ngakhale imachedwa pang'ono kuyankha injini ikali kuzungulira pang'onopang'ono.

Popeza mpweya wopanikizidwa umatentha, ndipo mpweya wotentha umatupa nukhala ndi okosijeni wochepa pa malo omwewo, galimoto zambiri za tabo zili ndi karedieta kena kotchedwa intercooler, kouziziritsa usanalowe m'masilinda; ndipo kuti kupanikiza kusapyole muyeso, pali kakhomo kotchedwa wastegate kamene kamalambalalitsa utsi wina. Amene amamanga kakhomo kameneka ndi waya pofuna mphamvu yoonjezera akuika pachiswe gasiketi ndi mapisitoni ake.

Tsono walira mvula walira matope. Malole, mabasi ndi mapikapu ambiri a dizilo a masiku ano ali ndi tabo, ndipo galimoto zazing'ono zambiri za petulo zolowa m'dziko zili nayonso, eni ake ena osadziwa n'komwe. Mtanda wa tabo umazungulira kupitirira ka 100,000 pa mphindi, mbali yake imodzi ili mu utsi wotentha madigiri mazana angapo, ndipo chimene chimausunga ndi kaoyilo kopyapyala kochokera ku injini. Chotero oyilo wakuda, wokhalitsa kapena wosayenera amapha tabo asanaphe china chilichonse. Sinthani oyilo ndi sefa yake pa nthawi imene buku la galimoto linena, ndipo m'misewu yafumbi musadikire kuti nthawiyo ikwane ndendende. M'mawa musaponde moto injini itangolira kumene. Ipatseni kanthawi kuti oyilo afike ku tabo. Ndipo mukafika pamwamba pa phiri mutasenza katundu, kapena mutathamanga mtunda wautali, musazimitse nthawi yomweyo, koma ilekeni injini ilire yokha mphindi imodzi kapena ziwiri; pakuti mukazimitsa, oyilo amaleka kuyenda tabo ikali yotentha, ndipo wotsalira m'katimo amapserera nasanduka makala otseka njira yake. Tabo imene yayamba kulira mokweza ngati wezulo, pamodzi ndi kufooka kwa galimoto ndi kutha kwa oyilo, ionetsedwe msanga, isanaswe mapiko ake ndi kutumiza zidutswa m'injini.

Kuwerenga utsi

Imani kumbuyo kwa galimoto, chapambali, wina aponde moto, muone chotuluka. Utsi wakuda unena kuti mafuta achuluka kuposa mpweya, ndipo musanalole kuti pampu kapena mainjekita zimasulidwe, funsani kuti sefa ya mpweya ndi mapaipi a tabo ziyambe zaonedwa, popeza kawirikawiri vuto limakhala pamenepo ndipo mtengo wake ndi wochepa. Minibasi kapena chigayo chimene pampu yake inatsegulidwa dala kuti ipereke dizilo wambiri chimafuka chotere tsiku lonse, ndipo mwayewo ndi ndalama za mwini wake. Utsi wobiriwira motuwa, wonunkha oyilo wopserera, unena kuti oyilo akulowa m'moto, kudzera pa maring'i otha, pa mavalavu kapena pa tabo. Nthunzi yoyera ya m'mawa wozizira, imene imatha injini ikatentha, si vuto. Koma utsi woyera wochuluka wosaleka, madzi a m'redieta akucheperachepera, ndi chizindikiro cha gasiketi yopsa, ndipo galimoto yotere isapitirize ulendo.

Koma choopsa koposa mu utsi ndi chimene diso silichiona. Mafuta akapsa mopanda mpweya wokwanira amabala mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwewo umene umatuluka pa mbaula ya makala, wopanda mtundu ndi wopanda fungo, umene umalowa m'magazi nulanda malo a okosijeni. Injini ya petulo imautulutsa wambiri, makamaka jenereta yaing'ono, ndipo m'chipinda chotseka ungathe kupha banja lonse lili m'tulo. Magetsi akazima, anthu amalowetsa jenereta m'khitchini, m'khonde lotchinga kapena m'sitolo poopa akuba. Mantha amenewo ndi omveka, koma mangirirani jenereta ndi unyolo panja, kutali ndi zitseko ndi mazenera, ekizozi italoza kumbali kosapita kunyumba. Musalize galimoto m'galaja yotseka, ndipo ekizozi yobooka pansi pa galimoto ikonzedwe musananyamule ana ulendo wautali mazenera ali otseka. Wina akayamba kumva mutu, chizungulire, nseru kapena kufooka pamene injini ikulira pafupi, tulutsani anthu onse panja nthawi yomweyo, zimitsani injiniyo, ndipo wodwalayo apite kuchipatala ngakhale aoneke ngati watsitsimuka. Uzani ana anu ndi onse ogwira ntchito pakhomo panu zimenezi lero lomwe.